Mayi Selestina, Mlendo Wodya Nthutumba Yokha

Amene adawadziwa Mayi Selestina Nandau atakalamba kale adzaseka akamva kuti nthawi ina mayi amenewa ankachita kupendekeka polowa pakhomo la tchalitchi chathu, ngati munthu wosenza chitseko. Koma n'zoona, ndipo eni akewo akadakhala moyo bwenzi atayamba ndiwo kuseka. Tidawaika m'manda mwezi wathawu, ndipo akhristu a mphakati wawo apempha kuti mbiri yawo ilembedwe m'kalata ya parishi ino, kuti ana athu adziwe kuti chigwa chino cha Bwanje sichibala thonje lokha ayi, chimabalanso anthu a Mulungu.

ANandau adabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Kasinje. Chaka chake sankachidziwa. Ankangoti dzombe lija lidabwera iwo atayamba kale kutunga madzi. Bambo awo anali Mngoni wa ng'ombe zake zingapo, wovina ngoma mpaka fumbi koboo, koma za tchalitchi ankazionera patali. Kamtsikanako kadayamba kokha kutsatira anzake ku maphunziro a katekisimu, ulendo wonyamuka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Kanali koonda ngati bango, kothamanga, ndipo aphunzitsi ankakatuma uku ndi uku poti sikankadziwa kutopa. Pa ubatizo kadalandira dzina loti Selestina.

Atakula adakwatiwa ndi Bambo Yoramu, mnyamata wa ku Manjawira, waphokoso koma wamtima wabwino. Banja lisanakhazikike n'komwe, idagwa njala ya 1949. Anthu adadya mizu, adadya gaga, ndipo mwana wawo woyamba, wamkazi, sadaione mvula yotsatira. ANandau za mwanayo sankakambakamba. Chimene njalayo idawasiyira ndi malamulo awiri, amene adawasunga ngati ali m'gulu la malamulo khumi aja: munthu asachoke pakhomo pawo osalawa kanthu, ndipo iwo asakane chimene dzanja la mnzawo lawapatsa. "Chakudya chili ndi makutu," ankatero, "ukachinyoza chimamva."

Njala itatha, Bambo Yoramu adakwera ya Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, monga ankachitira amuna ambiri kuno. Ankabwera, n'kubwereranso, zaka n'kumapita. ANandau adatsala ndi khasu, ana ndi korona. M'zaka zimenezi ndi pamene adalowa gulu la Lejio ya Maria, lija limatuma anthu awiriawiri kukaona odwala m'midzi. Mnzawo woyenda naye anali Mayi Zelesi, mayi wamfupi wa pakamwa pakuthwa, amene lero ndiye mboni ya zambiri zimene zalembedwa pano. Ntchitoyo idawagwira mtima aNandau. Kulalika sankadziwa, kuwerenga kunali kogwiragwira, koma akakhala pamphasa pafupi ndi wodwala, n'kumugwira dzanja, n'kuyamba korona, nyumba yonse inkapepuka. Ankasesa, ankatunga madzi, ankachapa zofunda zimene ena ankazidutsa atagwira mphuno, ndipo akaona kuti zafika povuta ankathamanga kukaitana wansembe. Kuchokera ku Kasinje mpaka ku Sharpevale, ngakhale kumidzi ya m'mapiri, panalibe galu wosawadziwa.

Tsono vuto lidalowera pakhomo la ulemu. Inu mukudziwa mmene timachitira kuno: mlendo wobwera ndi mapemphero sabwerera chimanjamanja, ngakhale m'nyumbamo muli matenda. Nkhuku imagwidwa, ndipo m'mbale ya mlendo simulephera kukhala nthutumba, yosonyeza kuti nkhukuyo yafera iyeyo, si mkute wa dzulo ayi. Pamene palibe nkhuku pamabwera futali, chambiko, kapena thobwa la m'chipanda chachikulu. Mukudziwanso tanthauzo la kukana chakudya pakhomo la eni: ndiye kuti ukuwanena uve, kapena choipa kwambiri, ukuwaganizira kuti akuthirira mankhwala. Mayi Zelesi anali ndi nzeru zawo, ankangonamizira m'mimba. ANandau bodza sankalitha. Nyumba yoyamba ankadya, yachiwiri ankadya, yachitatu ankapuma kaye pang'ono n'kudyanso, kenako n'kuthokoza potchula mfunda monga adaleredwera: "Zikomo Ngozo, zikomo Maseko, takhuta."

Wenela atatseka, Bambo Yoramu adabwereratu kwawo ndi njinga, wailesi, ndi chizolowezi cha tiyi wamkaka wothira shuga mpaka supuni kuima. Adagula ng'ombe zina. Adapeza akazi awo atayamba kale kudzaza, ndipo mtima wawo udangoti myaa. Pamsika ankaloza ndi ndodo: "Onani, anthuni, mmene ndikusungira mwana wa eni! Ena inu akazi anu ali ngati mapesi." Anthu ankavomereza, poti masiku amenewo kunenepa kunali mendulo ya banja. Ndipo ku Sharpevale kunali mnzawo wapamtima wa aNandau, Mayi Latifa, Msilamu, mkazi wa Che Omari a golosale pafupi ndi siteshoni, wokazinga mandasi ndi zitumbuwa zoti fungo lake linkaimitsa ndi sitima yomwe. Ubwenzi wawo udayamba pamene aNandau adathandiza kudwazika mwana wa Latifa, osafunsa za chipembedzo. Kuyambira pamenepo, aNandau akadutsa, Latifa ankawakulungira kaphukusi kamafuta, ndipo kukana kunali kosatheka.

Thupi lidakula, lidakulabe. Nsalu ziwiri zinkasokedwa pamodzi kuti zizungulire. Pa magule a chipani, pamene amayi onse ankayenera kukavina, aNandau ankaikidwa kutsogolo kuti alendo aone kuti dera lino likudya bwino. Iwo ankaseka nawo. Koma mawondo sankaseka. Adayamba kupuma pamtengo uliwonse, mpweya n'kumaperewera, mutu n'kumawawa ngati wina akusinjamo. Midzi ya m'mapiri adaisiya osauza munthu. Mayi Zelesi ankakwera okha, n'kubwera ndi uthenga womwewomwewo: "Akufunsa inu. Akuti ine korona ndimathamangitsa."

Tsiku lina, dzuwa la Okutobala lili pamutu, aNandau adagwa panjira pochokera kokaona wodwala. Amuna adayesa kuwanyamula, adalephera, mpaka idabwera ngolo. Mayi Zelesi amalumbira mpaka lero kuti ng'ombe zitayamba kukoka zidaima, n'kutembenuka kuti zione chimene chakwera. ANandau adaseka nawo pangolopo, koma atafika kuchipatala adalira, poti woona odwala ndiye adasanduka katundu.

Kuchipatala chathu chaching'onocho kunali Bambo Jasper, amene tonse tinkangowatcha adokotala, munthu wodekha wa magalasi. Zithunzi zonse zophunzitsira zimene zinali pakhoma pawo zinali za kunenepetsa ana onyentchera. Za munthu wamkulu wonenepa mopitirira panalibe ndi chimodzi chomwe. Sikelo nayo inali ya ana, yopachika pamtengo, motero aNandau adakawayeza pa sikelo ya thonje. Atawamanga chopimira pamkono, Bambo Jasper adavula magalasi.

"Mayi, magazi anu akuthamanga koopsa, ndipo mtima ukusenza katundu wa anthu awiri. Mukapitiriza chonchi, tsiku lina mudzadzuka mbali imodzi itafa. Chepetsani mafuta, shuga ndi mchere. Nsima muzidya ya mgaiwa, pang'ono, masamba ambiri."

ANandau adamva zonse, adaopa zedi, ndipo kwa masiku angapo adangokhalira phala. Koma mantha ndi moto wa mapesi. Ulendo woyamba wa Lejio atachira, mbale idabwera, mwini nyumba atagwada, ndipo malangizo onse a adokotala adatsala panja pamodzi ndi patapata. Itafika Lenti adati apa ndiye ndapeza. Adalumbira pamaso pa Mulungu, adasala moona, anthu adawamvetsa poti inali nyengo yake, ndipo nsalu idayamba kukhwepa. Iwo adayamba kudzitamako pang'ono. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala! Pasaka itafika, nyumba iliyonse idafuna kubwezera zimene aNandau adaphonya, ndipo pofika Pentekoste thupi lija lidabwerera ndi alendo ake omwe.

Pamenepo akuluakulu a Lejio adakhala pansi. Sadalankhule mwankhanza ayi. Adati aNandau agwira ntchito yokwana, apume, azipempherera odwala ali pakhonde pawo, ndipo Mayi Zelesi apatsidwe mnzawo wina. Adawalola kuyendabe midzi yapafupi mpaka Khirisimasi. Miyendo ikapanda kubwerera pofika nthawiyo, basi. ANandau adangoti zikomo, koma mumtima munali chimphepo. Kwa iwo, kukhala pakhonde pamene munthu akubuula m'mudzi wina kunali kufa usanafe. Adabwerera kwa Bambo Jasper ali ndi manyazi ngati mwana woswa mtsuko, akuyembekeza kukalipiridwa.

Bambo Jasper sadakalipe. Adawakokera mpando n'kunena kuti, "Mayi, ulendo uja ndidalankhula ndine. Lero mulankhule ndinu. Kodi miyendoyi mukuifunira chiyani?"

"Ndikufuna ndikafike kumapiri. Kuli anthu anga kumeneko."

"Nanga chikukukanikani n'chiyani? Mwaiwala zoyenera kudya?"

"Kudziwa ndikudziwa, adokotala, zonse zili m'mutu muno. Koma mbale ikabwera, mwini wake atagwada, ndinene chiyani? Kuti ndikukuopani?"

Bambo Jasper adakanda m'mutu. "Pamenepo ndiye mankhwala ake ndilibe. Koma musalimbane ndi nkhalango yonse. Sankhani mtengo umodzi umene mungathe kuudula, ndipo musaudule nokha."

Pobwerera adadzera kwa Mayi Latifa n'kuwafotokozera zonse, akuyang'ana kumbali kuti maso asagwere m'chiwaya. Latifa adaomba m'manja.

"Kalanga ine! Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikukukumbirani manda ndi chipande changachi? Bwanji osanena, achemwali?"

"Ndikadanena bwanji, inu mukupatsa ndi mtima wonse?"

"Tamverani. Ife pa Ramazani timasala mwezi wathunthu. Mukuyesa ndife olimba kuposa inu? Ayi ndithu. N'chifukwa choti masana m'nyumba zathu zonse moto suyaka, ndipo aliyense akuyang'ana mnzake. Inunso Lenti ija mudaitha chifukwa mpingo wonse unali nanu. Kusala wekha pakati pa anthu otafuna, ngakhale shehe angagwe."

Kuyambira tsikulo kaphukusi ka Latifa sikadaleke, poti ubwenzi sauthamangitsa, koma mkati mwake mudasintha: masau, malambe, nkhaka, nthawi zina papaya. Adawaikiranso lamulo loti asadutse pagolosalepo mafuta ali pamoto. Akaiwala, Latifa ankatuluka chipande chili m'mwamba, anthu a pasiteshoni n'kumangofa ndi phwete. Mtengo woyamba unali umenewo, ndipo udagwa mosavuta. Koma mtengo waukulu, mbale ya mlendo ija, unali chiimire.

Udakagwera kunyumba kwa Bambo Goliati. Bambowa dzina lokha ndilo linali lalikulu. Chifuwa chimene adabwera nacho ku migodi chidawadya mpaka kutsala mafupa. Akazi awo, Mayi Eliness, ataona a Lejio akubwera, adagwira nkhuku yokhayo imene idatsala pakhomo. Mapemphero atatha, alendo adawakhazika m'chipinda china, mbale n'kubwera, nthutumba ili pamwamba. ANandau adasamba m'manja, adadalitsa, adatema mbamu yoyamba. Ndiye poti khoma linali la bango lomata, adamva mawu a wodwalayo, otsika, akuuza mkazi wake:

"Eliness, alendo akatha, ukaone ngati katsalako kamsuzi."

Mbamu ija idaima m'malere. Mayi Zelesi akuti nkhope ya aNandau idasintha ngati munthu amene waona njoka m'dengu. Zaka zonsezi ankadya kuti asakhumudwitse eni nyumba, osaganiza kuti nkhuku zimene zinkawatupitsa mawondo ndi zomwezo zimene odwala awo ankangozimvera fungo. Chidawapweteka kwambiri. Adatola nthutumba, adaitana Mayi Eliness, n'kuidya iwo akuona, pang'onopang'ono, mpaka kunyambita zala. Kenako adanyamula mbale yonse kuti alowe nayo kwa wodwala.

Mayi Eliness adatsekereza pakhomo. "ANandau, talakwanji ife? Yapsa moipa? Kapena mwamva zotani za pakhomo pano?"

"Mwandiona ndikudya kapena simunandione?"

"Mwadya nthutumba yokha."

"Nanga nthutumba amapatsa yani?"

"Mwini nkhuku, amene yamufera."

"Basitu. Nkhukuyi mwandipatsa, ndailandira, ndi yanga. Tsono ine mwini wake ndaitana mlendo wanga, dzina lake Goliati. Kodi mukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa mlendo wanga?"

Mayi Eliness adayang'ana mbale, adayang'ana aNandau, kenako adaseka misozi ili m'masaya, n'kupatuka. Bambo Goliati tsiku limenelo adamaliza ntchafu yonse, ndipo adati mapemphero a ulendo uno ndiwo amveka bwino kuposa onse.

Nkhaniyo idafika ku Kasinje iwo asanafike. ANandau adaitengera ku msonkhano wa Lejio, ndipo onse adagwirizana kuti kuyambira pamenepo woona odwala azilawa kachigawo ka ulemu kokha, nthutumba, kapena kambatata, kapena kumwako pang'ono thobwa, zotsalazo zizipita kwa wodwala ndi ana. Akatekisiti adalengeza m'tchalitchi kuti pasakhale wodabwa. Chitakhala cha gulu, palibe amene adachionanso ngati chipongwe. Mabanja ena adayamba kuphera odwala awo nkhuku osadikira mlendo, koma nthutumba yokha ankaisungabe pakambale, ati ndi ya aNandau.

Mayi Zelesi adapatsidwa ntchito ya ulonda. Dzanja la aNandau likabwerera m'mbale kachiwiri, ankatsokomola, likabwereranso, ankatsina. "Mngelo wondisunga Mulungu adandipatsa wa zikhadabo," aNandau ankatero. Kuyenda adakuyamba pang'ono: lero mpaka pamlambe, mawa mpaka pamlatho, sabata yamawa kupitirirako. Sikuti sankagwa ayi. Pa ukwati wina ku Manjawira adaiwala zonse, Zelesi ali kothandiza ophika, ndipo m'mawa mwake adadzuka mapazi atatupa. Sadadzitemberere. Adangomanga nsalu n'kukayambiranso pamlambe paja.

Mtanda weniweni udachokera kunyumba. Thupi litayamba kutsika, pakamwa pa anthu padatseguka. Ena ankati ndi chifuwa chachikulu. Ena ankanong'ona kuti ndi tsempho, nthenda ija amati imagwira munthu mnzake wa m'banja akayenda njira zosayenera, ndipo zala zonse zidaloza Bambo Yoramu. Bambo wosalakwayo adasiya n'kupita kubawo komwe. Tsiku lina adabwera ndi nyama yonona, n'kuiponya palichero.

"ANandau, mwandivula pagulu. Ndidalowa pansi pa nthaka ku Joni kuti inu muoneke ngati mkazi wa munthu. Lero ena akuti ndakutsemphani, ena akuti ndikukumanani chakudya. Idyani, anthu atseke pakamwa."

ANandau adanyamula lichero lija. Adaphika nyamayo bwinobwino, adawapakulira amuna awo, iwo n'kutengako kachidutswa. Kenako adati, "Bambo, mwandisunga, ndipo Mulungu akudziwa. Koma tsiku lija la ngolo, ndikadabwerako ndili m'bokosi, anthu omwewa akadakutamani kuti bokosi lake linali lalikulu. Kodi ulemu umenewo ukadakuphikirani?"

Bambo Yoramu adadya nyama yawo. M'mawa mwake adathira okha shuga wongolawitsa mu tiyi, n'kumwa nkhope itakwinyika ngati akumwa kwinini. Posakhalitsa adayamba kuwaperekeza akazi awo, akukankha njinga yopanda wokwera, ati kuti mwina mayi angatope. Mimba yawo nayonso, imene inkatsogola ngati ng'oma, idayamba kubwerera. Anthu ataona awiriwo akuyendera limodzi uku akuseka, nkhani ya tsempho idafa yokha.

Khirisimasi ili pafupi, mvula itagwa kale, uthenga udabwera kuti kumudzi wina wa pamwamba pa phiri kuli gogo wina amene wakana kufa asanaone aNandau. Akuluakulu a Lejio adati apite Zelesi ndi wina. ANandau adati ayi, ndiyesa. Adanyamuka m'mamawa, ndodo kumanja, korona m'khosi. Njira ya kumeneko mukuidziwa, ndi ija bondo limagunda chibwano. Adapuma kangapo, adaterereka n'kukhala pansi m'matope, Zelesi akuwakoka uku akuwazazira. Pakati pa phiri mtima udagunda mwakuti adaopa. Adakhala pamwala n'kunena kuti, "Amayi Maria, ngati ndi pano, ndi pano, koma kumtundaku kuli munthu akudikira." Mpweya udabwerera. Dzuwa lisanafike pamutu adatulukira pabwalo la mudziwo, ana akuthamanga kukanena.

Gogoyo adawayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Ndinu yani inu? Ine ndaitana Nandau, wamkulu uja."

"Ndine ndemwe, agogo. Winayo ndamusiya m'munsimu, wakana kukwera."

Nyumba yonse idaphulika ndi kuseka, ndi wodwala yemwe. Za kupuma pakhonde sizidakambidwenso.

ANandau sadasanduke bango ngati pa utsikana wawo, ndipo sankafuna n'komwe. Adakhala mayi wathupi lake, wolimba, woyenda. Bambo Jasper akalandira munthu wina wolemedwa ndi thupi, kaya ndi mphunzitsi, kaya mkazi wa wogula thonje, ngakhale Che Omari amene, ankamupima, kumupatsa mankhwala, n'kumuuza kuti akacheze ndi aNandau. Padabadwa kagulu koyenda m'mawa m'mbali mwa njanji, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, kamene achinyamata adakatcha Sitima ya Katundu. Wapampando wina wa chipani adabwera kudzafunsa kuti ndi msonkhano wanji umenewu wopanda chilolezo. Adamuonetsa makadi awo a chipani, aNandau n'kumuyang'ana pamimba mwaulemu, ndipo m'mawa mwake Sitima ya Katundu idawonjezeka bogi.

Munthu sankamuopseza, poti ankati mantha adawayesa ndipo sadafike nawo patali. Ankangofunsa kuti, "Thupili mukulifunira chiyani?" Wina ankati akufuna kudzaona zidzukulu, wina kuti azigwada bwino popemphera, ndipo ankayambira pamenepo. Wina akabwera ndi manyazi kuti wabwerera ku zakale, ankamuuza kuti, "Amagwa ndi woyenda, wogona sagwa. Mawa tikumane panjanji."

Zaka zidapita. Bambo Yoramu adatsogola, ndipo anzawo adawavinira ngoma ndi zishango monga mwa mwambo. Anthu othawa nkhondo ku Mozambiki atadzaza m'boma lino, aNandau adawonjeza misasa yawo paulendo wawo. Itabwera nthenda yatsopano ija yoondetsa achinyamata, imene ena ankaopa n'kupereka moni komwe, iwo ankalowa, kukhala pamphasa, kugwira dzanja monga kale. Tsitsi lidayera, maso adachita chidima, koma miyendo idakhalabe yawo.

Tsiku lawo lomaliza linali Lachinayi, tsiku la maulendo a Lejio. Lamulungu la sabata lomwelo anali atalandira Ukaristia. Adapita ndi Mayi Zelesi kukaona mnyamata wina wodwala kutsidya kwa mtsinje, adamusambitsa kumaso, adapemphera naye, adabwerera wapansi. Atafika kwawo adakhala pakhonde, adatsamira khoma, adapempha madzi akumwa, n'kutulutsa korona. Mpongozi wawo pobwera ndi chikho adawapeza atagona, mutu utapendekera paphewa, chala chili pamkanda.

Amayi atabwera kudzasambitsa thupi, Mayi Zelesi adawaimitsa pang'ono. Adagwada kumiyendo, adayang'ana mapazi aja, ong'aluka zidendene, fumbi la njira likadali mpaka mu akakolo. Adalira, kenako adaseka, n'kunena kuti, "Onani, anthuni. Tinkafuna kuwakhazika pakhonde. Pakhondepo akhalapo nthawi yongodikira madzi basi."

Ambuye awapatse mpumulo wosatha mdzakazi wawo Selestina, ndipo kuwala kwawo kuwaunikire, ngakhale ife amene tinkawadziwa tikukayika ngati kumwambako avomera kukhala pansi. Tsono akhristu anzathu, Mayi Zelesi akalamba, koma akuti Lachinayi likubwerali anyamuka ndithu, ndipo wa Lejio sayenda yekha. Mnyamata uja wa kutsidya akadali moyo, ndipo akufunsa kuti abwera ndani.